Pulova ya Kumanda kwa Amayi

Mlongo wanga ndi pulofesolo ku Mocuba, ndipo aphunzitsi nthenda yawo ndi imodzi: savomera kuti munthu akudziwa kanthu mpaka atamufunsa pagulu. Mwana ameneyu ndinawoloka naye mtsinje wa Muloza ali kumsana, nthawi ya nkhondo, akundikodzera m'chitenje. Chinangwa ndinkachita kumutafunira. Lero wamera mimba, wavala magalasi, akafika pakhomo panga panjira ya ku Mongue amakhala pampando n'kusanjikiza miyendo, n'kumandiyang'ana ngati mwana wobwereza kalasi. Kumukonda ndimamukonda, sindikana. Koma zimene anandichita chilimwe chathachi sindinamukhululukire, ndipo ansembe ndinawauza momwemo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ine chinandidzera m'bere lakumanzere, kachotupa kolimba kosapweteka, ndipo pamene ndinkafika kuchipatala chachikulu ku Quelimane kanali katakula. Bere analidula. Anandilowetsa mankhwala a m'mitsempha, tsitsi linathothoka n'kumeranso lambuu. Nditaganiza kuti basi ndathana nazo, dokotala anandipatsa timapilitsi toyera, ati tamokisifeni, kamodzi tsiku lililonse kwa zaka zisanu. Anandifotokozera bwinobwino kuti khansa yamtundu wangayi imadya timadzi tachikazi ta m'thupi, ndipo pilitsilo limaitseka pakamwa kuti isapeze chakudya. Ukasiya kumwa, waitsegulira. Ndinamva, ndipo ndinayamba kumwa m'mawa uliwonse ndisanatenge khasu.

Za kutentha thupi anandichenjeza, ndipo zinabweradi, thukuta kamukamu ngakhale mu June. Koma za mutu ndinazitulukira ndekha. Tsiku lina ndinapita kwa mnzanga woyandikana naye nyumba kukabwereka lichero. Ndaodira bwinobwino, watuluka, ine kukamwa yasaa, dzina la lichero palibe! Chinthucho ndikuchiona m'maso, ndikudziwa ntchito yake, ndikudziwa kuti lake ndi long'ambika m'mphepete, koma dzina lathawa. Ndinangoyamba kupeta m'malere ndi manja opanda kanthu mpaka iye anagwa nalo phwete. Nyemba ndinkazithira mchere kawiri. Pa kolona ndikafika pakati sindinkadziwanso ngati ndili pa chinsinsi chachitatu kapena chachinayi. Anthu awiri akayankhula nthawi imodzi, onse awiri ndawataya. Ine, amene kumsika wa kumalire ndinkatha kukalipira munthu m'Chinyanja, kumumalizitsa m'Chilomwe, n'kumutsanzika m'Chipwitikizi osameza malovu! Zinkandichititsa manyazi, ndipo manyaziwo ankasanduka ukali.

Ndinamufunsa namwino wa kumene ndimakatenga mankhwala ngati ndayamba misala. Anati ayi. Anati amayi ena omwa mapilitsiwa amadandaula zomwezi, ena sadandaula konse, ndipo n'kovuta kudziwa kuti la pilitsi ndi liti, la mankhwala a m'mitsempha aja ndi liti, la kusagona bwino ndi liti. Anati zimene zimavuta kwambiri ndi zatsopano, mawu othawa ndi maganizo omwazika, koma zakale zimene munthu anaziona ndi maso sizifufutika wamba. Anandilangiza kuti ndizichita chinthu chimodzi nthawi imodzi, ndipo anatsindika kuti ndisadzayerekeze kusiya kumwa ndisanaonane ndi dokotala. Kuyambira pamenepo ndikameza pilitsi ndimalemba kamzere ndi khala kuseri kwa chitseko, kuopa kumwa kawiri.

Tsono nkhani ya amayi. Amayi anamwalira kutsidya, kumsasa wa othawa nkhondo, chaka chimene kolera inalowa mumsasamo. Bambo anali atatsala kale m'tchire nkhondo ili pakati. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mlongo wanga zisanu ndi chimodzi, ndipo kumanda sanapite, anatsala m'kanyumba akulirira phala. Eni mudzi a ku Malawi anatipatsa malo m'manda mwawo. Tinazika mtanda wamitengo, womwe chiswe chinamaliza dzinja lomwelo. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu, ndipo ine ndinapitako kamodzi kokha, mwana wanga woyamba ali wakhanda. Azakhali amene anali nafe pamaliro anatisiya kalekale. Pa dziko lonse lapansi, wodziwa pamene amayi agona ndinatsala ine ndekha.

Chaka chatha, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, mlongo wanga anabwera ndi mkazi wake. Ati walota amayi kawiri akudandaula kuti mvula ikuwavumbwa, ndiye akufuna akawamangire chiliza, cha simenti, cholembedwa dzina. Ine misozi mbwee. Ndinati Mulungu wamva, mwana uja wakula. Ndinawaphera nkhuku.

Cholakwa changa chinali chaching'ono. Tikudya ndinawafunsa kuti anyamuka nthawi yanji ku Mocuba, anandiyankha. Patapita kanthawi ndinafunsanso funso lomwelo. Mlamu wanga, mkazi wa mlongo wangayo, anamugunda mwamuna wake ndi chigongono, n'kunong'ona m'Chipwitikizi kuti mutu wa mayiyu wapita. Amayesa kuti Chipwitikizi chimathera ku Mocuba. Ndinamva zonse, ndinangomeza ndi nkhuku yomwe.

Titasamba m'manja, pulofesolo anakonza magalasi. Apa n'kuti mnzanga wa lichero uja ndi amayi ena awiri atabwera kudzalonjera alendo, akhala pamphasa.

"Mana," anatero, poti iye amanditchula choncho, Chipwitikizi cha achemwali, "dzulo madzulo munadya ndi chiyani?"

"Bwanji, ukufuna mkute?"

"Ndangofunsa. Nanga lero ndi lachingati?"

"Lachinayi."

"Lachisanu, mana. Chabwino, nditchula zinthu zitatu, muzisunge, ndikufunsani pakapita nthawi. Njinga, mbuzi, sopo."

Asa! Pakhomo panga, pamaso pa anzanga, mwana woti ndinkamupukuta mamina akundilembetsa pulova, mayeso a kusukulu! Ndikanayenera kunyamuka n'kukalowa m'nyumba. Koma mtima wodzikuza unandigwira, ndinati ndimuonetse. Anacheza zina, za msewu, za mtengo wa nandolo, ine m'mutu ndikungobwereza njinga, mbuzi, sopo. Thupi linayamba kutentha monga limachitira, thukuta kutsika m'khosi. Atandifunsa, njinga inabwera, mbuzi inabwera, chachitatu zii. Ndinati mchere. Mlamu wanga anayang'ana pansi akudziluma milomo, ndipo amayi aja anayamba kutsanzika mmodzimmodzi.

Atachoka anthu, mlongo wanga ananena chimene chinali kumtima kwake.

"Mana, simenti si dothi, ukamanga wamanga. Tikakamanga pamanda a munthu wina, ndi mlandu kwa eni ake, ndiponso amayi adzakhala akuvumbwabe. Siyani mapilitsiwa mwezi umodzi wokha, mutu uyere, tikaloze malo. Mukabwerako mudzapitiriza."

"Wakuuza ndani kuti mwezi umodzi mutu uyera?"

"N'zodziwikiratu. Asanabwere mapilitsi simunali chonchi."

"Asanabwere mapilitsi ndinali ndi mabere awiri, ukandibwezerenso limenelo. Iwe ndiwe dokotala? Dokotala anati ndikasiya ndaitsegulira khansa pakamwa. Kapena ukufuna simenti yakoyo ikwanire ziliza ziwiri, cha amayi ndi changa?"

"Musayankhule choncho, mana."

"Ndiyankhula! Sopo wako ndamuiwala, inde, chifukwa sindinamuike m'manda ine. Amayi ndinawasambitsa ndi manja awa. Ndinaponya dothi. Iwe unali kuti?"

Mlamu analowererapo ndi mawu ake osalala aja, ati alamu musakwiye, tikungofuna kuthandiza. Ndinamuuza kuti akathandize kwawo. Anagona tsiku limodzi, m'mawa anakwera chapa, timinibasi takwathu tija, osamwa tiyi wanga, koma asananyamuke ine ndinameza pilitsi langa iwo akuona, n'kulemba kamzere kuseri kwa chitseko.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Ha! Miyezi itatu yathunthu, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, foni. Moni wa mphindi imodzi, kenako pulova. Manda ali kumanzere kwa njira kapena kumanja? Mtengo uli kumutu kapena kumiyendo? Ndikayankha, iye, "Mukutsimikiza, mana?" Sabata inayo funso lomwelo, koma atalitembenuza, monga amachitira ndi ana a sukulu kuti awagwire. Ndikasiyanitsa liwu limodzi, ati sabata yatha simunatero. Ankalemba mayankho anga m'kope, ndinkamva pepala likutembenuzidwa. Kangapo ndinamudulira foni. Koma choipa n'chakuti ndinayamba kudzifunsa ndekha. Ndili kudimba ndikuthirira, ndimve mawu ake m'khutu, mukutsimikiza? Zaka zoposa makumi atatu chithunzi cha manda aja chinali chitakhala phee m'mutu mwanga, sindinachikayikepo n'kamodzi komwe. Tsopano ndinkachitulutsa tsiku lililonse n'kumachitembenuza uku ndi uku, ndipo chinthu chogwiragwira sichichedwa kuda.

Tsiku linafika, mu August, mphepo ikuulutsa fumbi. Tinakumana pamalire m'mawa. Mlamu sanabwere, ndipo sindinamufunse. Simenti anaigula kutsidya, akabaza awiri anaimanga panjinga, ndipo panali mmisiri womanga amene anabwera ndi zipangizo zake m'thumba. Msasa uja kulibe, pamalo pake pali minda ya chimanga ndi nyumba zamalata, koma phiri lili pomwe linali. Eni mudzi anatilandira bwino, anati othawa nkhondo amabwerabwera kudzaona abale awo. Anatipatsa mkulu wina wa adzukulu, okumba manda aja, bambo wokalamba wamkono umodzi wopuwala, kuti atiperekeze, poti m'manda mwa eni ake salowa munthu yekha.

Titafika m'mphepete mwa nkhalango ya mandayo, mkuluyo anaima n'kuvula chipewa.

"Mayi, muno ndi mwamukulu. Chizindikiro chanu n'chiyani, kuti tidziwe kolowera?"

"Ali pansi pa mtengo wa..."

Basi. Dzina linathawa. Mayo ine! Dzina limene ndinalitchula pafoni Lamulungu lililonse, limene linali m'kope la mlongo wanga, linasowa pa nthawi yeniyeniyo. Ndinalisaka m'Chinyanja, mulibe. Ndinalisaka m'Chilomwe cha amayi, mulibe. Chipwitikizi ndiye sichinaudziwepo mtengowo chibadwire. Thupi linayaka, thukuta linatsika mpaka pachipsera. Akabaza akundiyang'ana, mmisiri akundiyang'ana, pulofesolo wapinda manja pachifuwa, dzina ali nalo m'thumba la malaya koma kukamwa watseka kuti aone ngati ndikhoza.

"Uja wautali," ndinatero, "wobala zinthu zolendewera ngati nyemba zazikulu, zimene ana amanyambita."

"Mkundi?" anafunsa mkuluyo.

"Mkundi! Eya, mkundi!"

"Mwawauzira, bambo," anatero mlongo wanga.

Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi. "Muno si m'kalasi, achimwene. Tiyeni."

Tinalowa. Ndipo ndikukuuzani, mapazi anga sanafunse munthu njira. Ndinadutsa mkuluyo, ndinalambalala chulu, ndinatsetsereka pang'ono, mkundi uwo, wanenepa kuposa kale koma womwewo, nthambi yake yaikulu yoloza kumtsinje. Pansi pake panali mitumbira iwiri yoyandikana, yophwa, yomera udzu ndi zitsamba. Sindinadabwe. Sabata imene amayi anamwalira, kolera inatenganso mayi wina wa mumsasa, wochokera cha ku Majaua, ndipo anamuika tsiku lotsatira pambali pawo. Amayi ali mbali ya kuphiri, mayi winayo mbali ya kumtsinje. Ndinapinda zala, poti manda saloza ndi chala, n'kutambasula nkhonya.

"Amayi ndi awa."

Mlongo wanga anatulutsa kope. Anatambasula chala chake chachoko chija n'kuloza mtumbira winawo. "Nanga awa?"

"Bwezani chalacho!" anakalipa mkuluyo. Pulofesolo anachibisa m'thumba ngati wagwira moto. Pamenepo pokha m'pamene ndinasangalala tsiku limenelo.

Ndinafotokoza za mayi wa ku Majaua uja. Ndinayesa kuti zatha, mmisiri anali atayamba kale kumasula thumba lake. Koma mlongo wanga anali akutembenuza mapepala.

"Za manda awiri simunandiuzepo, mana."

"Sunandifunse."

"Mu June munati amayi ali kumanzere. Mu July munati mbali ya kuphiri. Apa taima, kuphiri ndi kumanja."

"Zikutengera kumene waima, iwe! Tsiku la maliro ife azimayi tinakhala uko."

"Uko kumutu kapena uko kumiyendo? Munkayang'ana mtengo kapena munaufulatira? Ndiponso tsiku la maliro mtumbira unali umodzi. Wachiwiriwu munauona liti? Munaliponso pamaliro enawo?"

"Ndinalipo."

"Munakhala mbali yomweyo?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimulalatire, ndipo pamenepo chinthu chinachitika m'mutu mwanga chimene sindidzachiiwala, ngakhale ndimwe mapilitsi zaka zana. Ndinadziona ndakhala kumutu, phiri lili kumanzere. Kenako ndinadzionanso ndakhala kumiyendo, phiri lili kumanja. Zithunzi zonse ziwiri zooneka bwino, zonse ziwiri za ine, ndipo maliro awiri aja, a Lachiwiri ndi a Lachitatu kapena kaya anali masiku ati, analowana, nyimbo zomwezo, anthu omwewo, dzuwa lomwelo. Mafunso asanu nthawi imodzi, munthu woti namwino anati chinthu chimodzi nthawi imodzi!

"Mukutsimikiza, mana?"

"Ndikutsimikiza," ndinatero, koma mawu anatuluka ochepa, ndipo aliyense anamva kuchepa kwake.

Mlongo wanga anatembenukira kwa mkuluyo kuti atsimikize ndiye. Mkuluyo anapukusa mutu. Anati chaka chimenecho ankakumba manda atatu kapena anayi pa tsiku, nkhope za alendo sangazikumbuke, ndipo adzukulu amamva kwa eni maliro. "Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene," anatero. "Mayiwa anena kale. Alowa muno osafunsa njira, mwaona nokha. Mangani pamene alozapo."

Pulofesolo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Maso ake anali ofiira, ndiyenera kunena zoona. Anati iye nkhope ya amayi saikumbuka n'komwe, chimene angawachitire ndi ichi chokha, ndiye sangalembe dzina lawo pamwamba pa mlendo. Anati tidikire. Mana atsala ndi zaka zitatu kuti amalize mankhwala, mutu ukadzayera tidzabweranso.

"Zaka zitatu! Wakulonjeza ndani kuti ndidzakhalapo? Wakulonjeza ndani kuti mutu udzabwerera mwakale? Lero ndaima pano ndi miyendo yanga, ndakulozera mayi ako, ukufunanso chiyani, chidindo?"

"Mana, musakuwe, tili kumanda."

"Ndikuwa! Amve amayi mwana amene anandisiyira! Ukanakhala kuti unandifunsa kamodzi n'kundikhulupirira, bwenzi pano simenti ikuuma."

Iye anangouza mmisiri kuti amange thumba lake, anauza akabaza kuti atembenuze njinga. Anandiitana kuti tizipita, chapa ingatisiye. Ndinamuuza kuti njira ya kwathu ndikuidziwa, ngati akufuna andilembetsenso pulova ya imeneyo. Anapita. Mkulu uja anati andidikira m'mphepete, n'kukakhala pachitsa.

Ndinagwada pamtumbira wa mbali ya kuphiri. Khasu ndinalibe, ndinazula udzu ndi manja, chisoso chikundikanirira m'chitenje, minga ikundibaya. Ndinawauza amayi zonse, za bere, za mapilitsi, za mwana wawo wamagalasi. Ndinawauza kuti asadandaule, ine ndikudziwa pamene ali. Ndinasesa masamba ndi nthambi, ndinatola miyala n'kuizunguliza, ndinanena Atate Athu ndi Tikuoneni Maria osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Pamalo panayera bwino. Ndinadzuka, ndinasasa maondo, ndinayamba ulendo.

Ndinafika mpaka pachulu paja. Pamenepo miyendo inaima yokha. Ndinacheuka, ndinaona mtumbira umodzi woyera, winawo uli m'tchire, ndipo mawu aja anabwera, osati pafoni, osati kwa iye, koma m'kati mwanga, ndi liwu langa lomwe. Ndinalimbana nawo. Ndinadzitukwana. Ndinati iwe mayi iwe, unawasambitsa wekha, unaponya dothi, pita kwanu.

Ndinabwerera. Ndinagwada pamtumbira wa mbali ya kumtsinje, ndinazula udzu wonse, ndinazunguliza miyala, ndikulira ndi ukali ngati mwana womenyedwa popanda chifukwa. Ndipo nditamaliza, poopa kuti mwina, ndinanenanso pamenepo kuti, "Amayi, ndine."